Gwape wa Miyendo Isanu

Lolemba

Ndamuona ndi maso angawa. Gwape! Kuno ku Walsall, m'dimba mwathu, ataima pakati pa maungu a mkazi wanga Anabanda, akutafuna nkhwani ngati analima ndi iye.

Dimba lake ndi kamzere kamene timabwereka ku khonsolo, kuseri kwa nyumba za njerwa zofiira. Ndafikako m'mawa nditasiya mwana wathu Pempho kusukulu. Kanyamako n'kofiirira, kafupi, msana wokhota, msinkhu wa galu wa kumudzi. Tapenyana. Ine mtima uli phaphapha, iye osatekeseka n'komwe. Wamaliza tsamba lake, kenaka wapyola pansi pa mpanda.

A Derek aona zonse. Ndi mdala wolima moyandikana nafe, anapuma ntchito ya m'fakitale, ndipo amalima anyezi akuluakulu amene sadya, amangowatengera ku mipikisano. Akuti tinyama timeneti tadzaza dera lonse ndipo palibe chochita. Ndawauza kuti kwathu ku Ntchisi gwape sitimudandaula, timamusaka. Aseka, atulutsa foni, andionetsa chithunzi cha mfuti yawo: yaitali, thako la mtengo, yothira wonga kukamwa.

Gogodera! Yemwe uja anali naye malume a Yohane. A Derek akuti ali m'kagulu ka madala kamene kamaombera mfuti zakalezi Loweruka lililonse. Ndaona chithunzicho misozi ikulengeza. Malume ankalowa m'mudzi gwape ali paphewa, amayi akululutira, ndipo tsiku limenelo palibe nyumba inkagona ndi masamba okha.

Tsono mfundo yake ndi iyi. Lamulungu kunyumba kuno kuli mwambo wothokoza Mulungu, chifukwa Anabanda akwezedwa, tsopano ndi sisitala wa wodi kuchipatala ku Wolverhampton. Mpingo wonse ubwera. Ndine wonyada mpaka kukhosi. Koma ndinene zoona, poti buku ili saliwerenga munthu: pa viza dzina lawo ndilo lili pamwamba, ine ndinalowa m'dziko muno ngati katundu wawo wa m'manja. Ndimagwira ntchito theka la tsiku kunyumba ya okalamba, ndimaphika, ndimachapa. Sindidandaula. Ndikungofuna kuti pa tsiku lawo ndiike patebulo chinthu chimene sichinachokere m'sitolo, anthu anene kuti nyumba ino ilinso ndi bambo.

Dongosolo:

- kubwereka gogodera wa a Derek
- kuphunzira pang'ono (magazi a ulenje ndili nawo kale)
- Loweruka kupha
- Lamulungu kudya
- kudzichepetsa anthu akamandiyamikira

Madzulo ndawauza Anabanda akuviika mapazi m'beseni. Ndati nyama ya Lamulungu musagule, ili kwa ine, ndipo ndi ya gwape. Andiyang'ana, maso ali ofiira ndi shifiti, n'kunena kuti, "Chabwino bambo. Inu mukati mubweretsa, mumabweretsa." Basi, palibe funso.

Mawu amenewo andikweza mapewa. Ndalemba pa gulupu ya mpingo: "Lamulungu bwerani ndi njala. Kuli nyama ya m'tchire."

Lachiwiri

Foni sinapume. Ndinaiwala chinthu chimodzi: nyama ya m'tchire siili ngati ya m'butchala. Ili ndi eni ake. Kwathu mlenje akapha, mwendo umapita kwa wamkulu wa pamalopo, chiwindi kwa okalamba, mutu kwa wothandiza kusenda, ndipo iye amatsala ndi msana ndi ulemu. Ndimaganiza kuti anthu anazisiya pa bwalo la ndege zimenezi. Ayi ndithu, anabwera nazo m'masutikesi.

Oyamba ndi Abusa: "Mwana wanga, sindikupempha ayi. Ndikungokumbutsa, mwambo mukuudziwa." Mwendo woyamba wapita.

A Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene timagwirira ntchito limodzi: "Mudala, ine nifuna chabe kamwendo kamozi na mutu. Nizabwela na mpeni, kusenda niziba."

Mayi Nachisale a ku Nuneaton atumiza uthenga wa mawu wautali, wayamba ndi moni wa ana, wadutsa pa nyengo, wathera apa: "Achimwene, chiwindi ndabooka kale. Iron yanga ili low, a GP, adokotala anga, anena okha."

Ena atsatira. Sindinakane aliyense. Ungamukane bwanji munthu amene wayamba ndi kufunsa za chimfine cha mwana wako? Pofika masana kaundula wa m'mutu mwanga ali chonchi:

- miyendo: isanu
- ziwindi: ziwiri (kuli agogo ena abwera kudzaona zidzukulu)
- mutu: umodzi, mwamwayi
- nthiti: amayi onse a chigwirizano

Gwape ndinamuona dzulo uja ali ndi miyendo inayi, ndipo yonse pamodzi siingadzaze poto wathu wamkulu. Koma za masamu tiona Loweruka.

Madzulo maphunziro. Mavidiyo a pa intaneti, azibambo a ndevu ali m'chipale, akunong'ona kuseri kwa mitengo. Nkhani yake njosavuta. Uthira wonga kukamwa kwa mfuti, woyeza bwino, osati wa m'maso ngati mchere. Ukulunga chipolopolo cha mtovu m'kansalu kopaka mafuta, n'kutsindira ndi ndodo mpaka chikakhale pa wonga. Kawonga kena kosalala uthira m'kambale ka m'mbali. Ukakhethemula, kamwala kamenya chitsulo, moto uthetheka, ugwera m'kambale, ulowa pa kabowo, ndiye mfuti ilira.

Mwala weniweni! Gogodera wa malume ankayatsira mitu ya machesi, ndiye kuti uyu ndi agogo ake. Anthu awa ali ndi ndege ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka, koma Loweruka amakasewera ndi mfuti imene malume akanaikana kuti ndi yachikale. Ndayamba kuwakonda.

Lachitatu

Kudimba ndi fulasiki ya tiyi ndi mandasi anayi. Munthu sukabwereka mfuti uli chimanjamanja.

A Derek adya awiri, ayamikira. Ndiye ndayala nkhani yanga mwaulemu: ndikufuna kubwereka Lachisanu, ndibweza Loweruka yotsukatsuka, ndipo iwonso mwendo wawo ulipo. (Ayi, ndadziletsa pa nthawi yake. Ndawalonjeza nthiti.) Afunsa kuti nyamayo ikufunika liti. Ndati Lamulungu.

"Which Sunday, mate? Which year?"

Aseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta magalasi. Kenaka andikhazika pa ndowa yovundikira n'kundilalikira. Kubwereketsa mfuti kwa munthu wopanda chilolezo akuti ndi ndende, kwa iwo ndi kwa ine. Kuti ndikhale ndi yanga pafunika:

- chilolezo cha apolisi, ndipo amabwera okha kunyumba kudzacheza nawe
- anthu odalirika okuchitira umboni, amene akudziwa kwa zaka
- kalata ya dokotala yoti mutu uli bwino
- kabati yachitsulo yokhomera kukhoma
- chilolezo china chapadera cha wonga, ndi bokosi lakelake lamatabwa
- kudikira miyezi

Kabati yokhomera kukhoma! Alandilodi athu anatiletsa ngakhale msomali. Kalendala ya mpingo imachita kutsamira pamwamba pa furiji. Za kalata ya dokotala sindikuopa, ngakhale ikanakhala yolemba Anabanda ndikanayamba ndawagulira chitenje.

Ndawauza kuti malume ankasunga gogodera wawo kudenga, pakati pa udzu, ndipo wonga unkakhala m'botolo la mafuta odzola. A Derek afunsa ngati malumewo anafa ndi zala zonse. Ndasintha nkhani.

Koma mdalayu ali ndi mtima wabwino. Akuti Loweruka kagulu kawo kamalandira alendo, ndipite nawo, ndikaigwire ndi kuombera iwo ali pambali panga. Ndalumpha pa ndowa paja. Ndiye kuti Loweruka lilipobe! Mfuti ndi yawo, chala ndi changa, lamulo lisangalala, gwape agwa. Nkhani yatha bwino.

Pa gulupu, mkulu wa kwaya wapempha chikopa. Akuti ng'oma yawo ya pulasitiki ilibe mzimu. Ndayankha ndi chala chokweza.

Lachinayi

M'mawa wonse zoyeserera. Mavidiyo akuti vuto la mfuti imeneyi ndi lakuti moto umayaka pafupi ndi diso lako chipolopolo chisanatuluke, ndiye ukaphethira kapena kudzidzimuka, waphonya. Ndatenga mopu, ndagwada kuseri kwa sofa, ndaloza furiji. Kupuma pang'onopang'ono. Kukhethemula. Kunena "phuu" osaphethira. Ndamenya furiji kasanu konse.

Pempho watsika ndi chikwama cha kusukulu, waima. "Dad, that's a mop." Ana obadwira kuno alibe masomphenya.

Kenaka za moto. Ndatola mwala wotuwa kudimba, wofanana ndi wa pa chithunzi cha a Derek, ndipo ndaumenyetsa pa msana wa mpeni wabwino wa Anabanda. Poyamba zii. Kenaka moto thethe! Ndakuwa ndekha m'khitchini. Ndafuna kuona ngati ungayatse chinthu, ndayandikiza thonje la m'kabati ya mankhwala. Ungayatse. Ungayatsenso kansalu kopukutira mbale. Kabelu ka utsi kalira, galu wa aneba wayankha, ine ndili pa mpando ndikupepesa denga ndi thaulo. Mpeni uli ndi mano atsopano kumsana, ndaubisa pansi pa masupuni.

Masana ndadutsira kudimba kukafunsa a Derek kuti Loweruka tikasaka thengo liti, ndivale nsapato zanji.

Akuti kulibe thengo. Kuli bwalo lotchinga, mulu wa mchenga, ndi mapepala ojambula mabwalo akuda. Mapepala! Zaka zonse akhala ndi mfuti imeneyi sanaphepo ngakhale njiwa. Akuti kuno apolisi sangakulembere gwape pa chilolezo cha gogodera, gwape ali ndi mfuti zake zamakono ndi anthu ake ophunzira, ndipo azibambo a ndevu a m'mavidiyo aja ali ku Amereka. Za kuombera m'dimba muno, pakati pa nyumba za anthu, akuti ndisazitchulenso ngakhale moseka.

Awonjezera kuti mayi wina wolima kumapeto uko amamusiyira maapozi gwape wanga, ndipo anamupatsa dzina. Dzina lake ndi Kevin.

Ndakhala pa ndowa. Ndiye kuti ndagawa Kevin kwa mpingo wonse.

Lachisanu

Ndalemba uthenga wa pa gulupu: "Abale, pachitika kusamvana pang'ono." Ndafufuta. Ndalembanso: "Chifukwa cha malamulo a dziko lino." Ndafufutanso. Chala chili pamwamba pa foni, ndamva Anabanda kubafa akuyankhula ndi mnzawo wa kuwodi, mawu ali okwera ngati mtsikana: "My husband is hunting it himself. Eee, amwali, kwawo ndi alenje, it's in the family. Ubwere ndi container."

Sindinawamvepo akundinyadira pa foni chonchi. Ndaika foni m'thumba.

Nzeru yachiwiri. Kuntchito anthu amanena kuti msewu wodutsa m'nkhalango ya ku Cannock magalimoto amagunda agwape kawirikawiri. Ndiye ngati wina wagunda kale, ine n'kungotola, ndalakwira ndani? Nditaweruka ndayendetsa kupita komweko, sheeti yakale ndi magolovesi zili kumbuyo. Ndayenda pang'onopang'ono, maso m'mbali mwa msewu, magalimoto akundiimbira mahutala. Ndapeza:

- nsapato imodzi
- gologolo wophwatalala
- thumba lakuda, limene ndaliimira ndi chiyembekezo chonse, muli masamba a m'munda

Pobwerera, pokhota pena, atulukira. Agwape akuluakulu, osati Kevin ayi, amawangamawanga, miyendo yaitali, gulu lonse likuwoloka mwaulemu ngati amayi a chigwirizano akulowa m'tchalitchi. Mmodzi waima pakati pa msewu, pamaso pa galimoto yanga penipeni, mwendo uliwonse wokwanira Abusa.

Ndaponda mabuleki. Mwamphamvu, mpaka fulasiki yagwa pampando. Sindinaganize n'komwe, phazi lachita lokha. Ndakhala pamenepo ndikumwetulira ngati chitsiru mpaka womaliza walowa m'mitengo. Ndi okongola, Mulungu ndi mmisiri. Malume akanandilanda mfunda.

Nzeru yachitatu. Sitolo ya pa famu ina imagulitsa nyama ya gwape yeniyeni. Ndaipeza: timibulu todulidwa bwino, m'kambale ka pulasitiki, ndi chithunzi cha nkhalango pamwamba. Mwendo mulibe, chiwindi mulibe. Mlenje wanji amabwera ndi nyama yokhala ndi tsiku lothera ntchito?

Nzeru yachinayi ndiyo yagwira. Butchala ya Amwenye ku Walsall, kumene timagula ya Khirisimasi. Miyendo isanu ya mbuzi, ziwindi ziwiri, nthiti mulu. Mwini butchala wafunsa ngati kuli ukwati. Mbuzi ndi gwape ndi pachibale, zonse zimadya masamba a eni. Ndikaiwamba pa utsi ndi kuithira tsabola wokwanira, ndani adziwe? Mutu wa a Tembo ndinena kuti chipolopolo chinauphwanya. Kwaya idikire.

Ndabisa zonse mu furiji ya m'galaja, pansi pa nandolo wa Azungu. Masamu atheka, mtima ndiwo sunakhazikike.

Loweruka

Lero lokha ndilembe bwinobwino, chifukwa ndikufuna kudzalikumbukira.

A Derek anditenga m'mawa pa galimoto yawo yonunkha anyezi. Bwalolo lili kunja kwa tauni, kuseri kwa famu. Madala okhaokha, ena ovala zipewa za makolo awo, ketulo ili pamoto, mabisiketi m'chitini. Andilandira ngati mkamwini watsopano. Ndasaina m'buku la alendo, andiveka magalasi ndi zotseka m'makutu, ndipo andiuza malamulo kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

Kenaka andipatsa. Ndi yolemera kuposa mopu. Mtengo wake ndi wosalala ndi manja a anthu amene anafa kalekale. Ndathira wonga wa m'kabotolo koyezeratu, kansalu, chipolopolo, ndodo. A Derek ali pa phewa panga ngati namkungwi.

Kuyesa koyamba: khe. Basi. Mwala wamenya, moto osatuluka. A Derek apukuta mwalawo ndi kansalu, akuti kunja kuli chinyontho.

Kwachiwiri: fwaa! Kambale kayaka pamaso panga, ndatsinzina, ndadumpha, ndatchula dzina la amayi anga. Mfuti osalira. Madala onse aombera m'manja, akuti aliyense anayambira pomwepo. Andiuza ndiime chilozere kwa kanthawi, poti nthawi zina imaganiza kaye. Kenaka atokosa kabowo ndi kawaya, athiranso kawonga.

Kwachitatu. Ndapuma. Ndakhethemula. Fwaa, kenaka PHUU!

Dziko lonse layera. Phewa lakankhidwa ngati wandigunda thole. Utsi wakuta bwalo, chandamale sichikuoneka, a Derek sakuoneka, ndipo fungo lafika: mazira ovunda ndi makala onyowa. Ndilo fungo la malaya a malume, amene ankawapachika kuseri kwa chitseko. Zaka zonsezi ndinali nditaliiwala. Ndaima mu utsimo ndikuseka, misozi ikutsika pansi pa magalasi, ndipo ndikuuza madala a ku West Midlands m'Chichewa kuti, "Yalira! Mwaimva?" Iwo akuvomera ndi mitu.

Ndaombera kangapo. Chipolopolo chimodzi chokha ndicho chakhudza pepala, pakona penipeni, bowo loti chala chachikulu n'kulowa. Zinazo zapita kukaona mchenga. Andipatsa pepalalo kuti ndikasunge. Akuti ndikafuna ndilembetse, ndizibwera ndi kuphunzira pansi pa maso awo. Sindinasangalalepo chonchi chifikireni m'dziko lino, ndipo palibe chimene chafa.

Madzulo ndayatsa makala kuseri kwa nyumba, ndawamba mbuzi ija pa utsi wambiri, tsabola, adyo, mandimu. Anabanda afika kuchokera ku shifiti, aima pakhomo, anunkhiza malaya anga. Aona nkhope yakuda mbali imodzi, aona miyendo ili pa waya.

"Bambo, mwachitadi?"

Ndati, "Mfuti yalira, mayi."

Sindinaname. Koma atandivula malaya n'kuona phewa litatupa, anditenthera madzi n'kundithowa okha, munthu amene waima tsiku lonse m'wodi. Akuthowa akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ine ndangoti zyoli, ndikumva ngati wakuba nkhuku amene mwini wake akumupatsanso ufa.

Lamulungu

Abwera onse. Nyumba yadzaza mpaka pa masitepe, nsapato mulu pakhomo, ana akuthamangitsana m'Chingelezi. Mayi Nachisale atsika basi ya ku Nuneaton ndi bokosi la ayisi. A Tembo ali ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala. Anabanda avala chitenje chobiriwira ndi duku lake, akuwala, aliyense akuwatcha "a Sister".

Nyama ili pakati pa tebulo, yakuda bwino, yonunkhira. Azibambo aizungulira manja ali kumbuyo. Wina akuti, "Iyi ndiye organic." Wina akufotokozera mkazi wake kuti ya m'tchire imadziwika ndi mtundu. A Tembo okha ndiwo akutembenuza mwendo umodzi ndi foloko, kenaka wina, kenaka akundiyang'ana.

Ndadziuza kuti ndingopirira mpaka mbale zitatha. Anthu adya, apita, nkhani yafa.

Ndiye Abusa ati tipemphere. Tagwirana manja, dzanja la Anabanda lili m'langa. Athokoza chifukwa cha ulendo wathu, chifukwa cha mayeso amene Anabanda anakhoza, chifukwa cha odwala amene amawagwira. Ine ameni, ameni, ndi mtima wonse. Kenaka mawu akwera: "Tikuthokozaninso Atate chifukwa cha gwape uyu, amene munamuweta m'thengo mwanu, n'kumupereka m'manja mwa mtumiki wanu..."

Apo ndiye zandikanika. Kunamiza a Tembo ndi nkhani ina, timanamizana kuntchito tsiku lililonse za amene wamaliza shuga. Koma apa bodza langa likukwera kumwamba, pa pemphero la mkazi wanga, ndipo anthu onsewa avomera ameni.

Ndati, "Abusa, ndi mbuzi."

Chete. Ngakhale ana pa masitepe asiya phokoso. Ndikumva furiji ikulira kukhitchini.

Abusa sanatsegule maso. Apuma kamodzi, n'kupitiriza ndi mawu omwewo: "...ndi chifukwa cha mbuzi iyi, imene mwaipereka m'malo mwake. Ameni."

Ameni wake sanamveke, wamira m'phwete. Mayi Nachisale akhala pansi pa kapeti akupukuta misozi ndi duku. Mkulu wa kwaya akumenya tebulo. A Tembo akuwa kuti, "Mudala, nenze naona kudala! Gwape wa miyendo faifi, yonse yakumbuyo, sininamuonepo!" Zoonadi, yonse ndi yakumbuyo. Ku butchala sindinayang'ane.

Andifunsa nkhani yonse, ndafotokoza: chilolezo, kabati, mopu, mabuleki. Ya mabuleki andibwerezetsa katatu. Ndatulutsa pepala langa la bowo limodzi, layenda dzanja ndi dzanja, azibambo akulowetsa chala. Atatu afunsa ngati a Derek amalandira alendo ena. Mbuzi yatha yonse, ndipo aliyense watenga gawo lake monga mwa mwambo, Abusa poyamba. Mayi Nachisale akuti chiwindi ndi chiwindi, iron sadziwa kusiyanitsa.

Dzina ndalandira. Potsanzika aliyense akuti, "Tapita, a Mlenje." Limeneli ndifa nalo, ndikuwadziwa anthu anga.

Ndavomera. Gwape sindidzamupha, kuno kapena kwina. Ndidzalembetsa kwa madala aja, ndizikaboola mapepala Loweruka ndi kudya mabisiketi, ndipo nyama ndizigula kwa Amwenye ngati munthu aliyense.

Anthu atapita, ndapeza Anabanda m'khitchini avula duku, akusonkhanitsa mbale. Tsiku lonse amangoseka ndi alendo. Ndayamba kupepesa kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anzawo a kuwodi.

Akuti, "Bambo, ndinadziwa dzulo ndisanatsegule geti. Mbuzi ndayamba kuphika ndili namwali."

Ndafunsa kuti nanga bwanji sananene, mpaka kundithowa phewa.

"Phewalo linatupadi," atero, akukhuthula mafupa m'bini. "Ndipo manyazi anu ndi anganso. Mukanakhala chete, ine ndikanaidya mbuziyo n'kumaitcha gwape mpaka tsiku lolowa m'manda."

Ndawalanda mbale zija, ndawakhazika pa mpando. Ndatsuka zonse ndekha ndi phewa lowawali, ndipo sindinalole kuti akhudze ngakhale supuni.